Sarcoidosis: nthenda yobwereka nkhope ya matenda ena

Munthu wakhala akutsokomola kwa miyezi itatu, chifuwa chouma chosatulutsa makhololo. Akakwera masitepe ochepa chabe amachita befu, usiku amadzuka thukuta lili kamukamu, ndipo thupi likunka litsika. Kuchipatala amujambula X-ray, pachithunzipo n'kuoneka kuti anabere a pakati pa mapapo atupa mbali zonse ziwiri. Aliyense womuona, ngakhale dokotala amene, maganizo ake oyamba amathamangira ku TB kapena khansa, ndipo kawirikawiri kuganiza choncho kumakhala kolondola. Koma nthawi zina zoyeza zonse za TB zimabwera zopanda kanthu, khansa osapezeka, mpaka papepala palembedwa mawu amene wodwalayo sanawamvepo chibadwire: sarcoidosis.

Akafunsa kuti nthendayi yachokera kuti, dokotala woona mtima amamuyankha kuti gwero lake silinapezeke. Akafunsa ngati idzatha, amauzidwa kuti mwa anthu ambiri imatha yokha koma mwa ena imakhalitsa. Akafunsa za mankhwala, amamva kuti mwina sapatsidwa n'komwe. Mayankho oterewa amamveka ngati dokotala akuzemba, chonsecho akunena zoona zokhazokha. Madokotala amaidziwa nthendayi mwa maonekedwe ake, osati mwa chiyambi chake, ndipo kayezedwe kake, kachiritsidwe kake ndi mikangano yonse yokhudza iyo zimachokera pamenepa.

Kambulu kotchedwa granuloma

Maselo oyera a m'magazi, omwe ndi asilikali a thupi, ali m'magulu osiyanasiyana. Gulu lina, la maselo otchedwa macrophage, ntchito yake ndi kumeza ndi kugaya chilichonse chachilendo chimene chalowa: mabakiteriya, fumbi, zotsalira za maselo akufa. Ntchitoyi imachitika mwakachetechete, mwini thupi osadziwa. Koma pali adani ena osagayika. Zikatero ma macrophage amaitana anzawo, amaunjikana mothithikana mozungulira chinthucho, ena amaphatikana n'kukhala selo limodzi lalikulu, ndipo kunja kwawo kumaima maselo ena otchedwa ma lymphocyte. Kambulu kameneka, komwe kawirikawiri sikafika ngakhale milimita imodzi, ndiko granuloma.

Zili ngati alonda amene agwira mbala yomwe sangathe kuitulutsa pabwalo. Chomwe amachita ndi kuizinga, n'kugwirana manja kuti isapite kwina. Ndi nzeru yabwino, ndipo umu ndi mmene thupi limatsekera kachilombo ka TB mwa anthu mamiliyoni ambiri amene ali nako koma sadwala. Mu sarcoidosis alonda aja azinga ndithu, agwirana manja zolimba, koma ukasuzumira pakati pawo mbala suiona. Ndipo sazinga pamalo amodzi okha. Timibulu timeneti timamera m'mapapo, mwa anabere, pakhungu, m'maso, m'chiwindi, mumtima, ngakhale mu ubongo. Kamodzi sikavulaza munthu. Tikachuluka n'kuphatikana timalanda malo amene chiwalo chimagwirira ntchito, ndipo tikakhalitsa timasiya zipsera zosafufutika.

Pa maikulosikopu pali chosiyanitsa chimodzi chimene madokotala amachidalira kwambiri. Kambulu ka TB kamafa pakati, mnofu wake n'kufumbutuka ngati tchizi. Ka sarcoidosis kamakhala kolimba, kooneka bwino m'mphepete, kopanda pakufa. Kusiyana kumeneku n'kothandiza koma si kotheratu, chifukwa TB nayo nthawi zina imapanga timibulu tosafa pakati.

Dzina la nthendayi linachokera pa maonekedwe omwewa. M'chaka cha 1899, Caesar Boeck, dokotala wa matenda a pakhungu wa ku Norway, anaunika tizotupa ta pakhungu la wodwala wina n'kuona kuti tikufanana ndi khansa yotchedwa sarcoma, ngakhale sitinali khansa. Anatitcha sarkoid, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza "chonga mnofu". Dzinali limaopseza anthu pachabe, choncho ndibwino kunena mosapita m'mbali: sarcoidosis si khansa, ndipo si yopatsirana. Wodwala sangapatsire mwamuna kapena mkazi wake, ana ake, kapena anzake a kuntchito.

Inayamba kuonekera pakhungu

Munthu woyamba kulemba za nthendayi anali Jonathan Hutchinson, dokotala wa ku London. M'chaka cha 1877 anafotokoza za bambo wina wogwira ntchito padoko lotsitsirapo malasha, yemwe anali ndi zigamba zokhuthala, zofiirira moderako, m'manja ndi m'miyendo. Mu 1889 Ernest Besnier wa ku France anafotokoza zotupa za mtundu womwewo pamphuno, pamakutu ndi pazala, n'kuzitcha lupus pernio. Dzina limeneli likugwiritsidwabe ntchito, ngakhale siligwirizana ndi nthenda ina ija yotchedwa lupus. Mu 1909 Christian Heerfordt, dokotala wa maso wa ku Denmark, analemba za odwala otupa maso mkati, otupa masaya ngati matsagwidi, otentha thupi, ena kukamwa kutapotoka.

Aliyense wa madokotalawa ankaona nthendayi pachiwalo chimene iye anachiphunzira, ngati anthu oona mphukira zamera malo osiyanasiyana osadziwa kuti pansi muzu ndi umodzi. Amene analumikiza zonsezi ndi Jörgen Schaumann wa ku Sweden, yemwe mu 1914 anasonyeza kuti timibulu ta pakhungu tija timapezekanso mwa anabere, m'mapapo, m'mafupa ndi m'ziwalo zina.

Masiku ano khungu limakhudzidwa mwa wodwala mmodzi mwa anayi alionse kapena kucheperapo. Zimatha kukhala tiziphuphu tosayabwa m'mbali mwa mphuno ndi m'zikope, zigamba zoyererako kapena zoderako, kapenanso chipsera chakalekale kapena tattoo kuyamba kutukumuka popanda chifukwa. Mabuku ambiri amati zotupazi ndi zofiira, koma pakhungu lakuda kufiirako sikuonekera kwenikweni, ndipo n'zosavuta kuzilambalala.

Pali mtundu wina umene umayamba mwadzidzidzi, womwe Sven Löfgren, wa ku Sweden komweko, anaufotokoza bwino cha m'ma 1950. Munthu amatentha thupi, akakolo onse awiri amatupa n'kumapweteka, pamisongolo pamatuluka zotupa zowawa, ndipo X-ray imaonetsa anabere otupa m'chifuwa. Umaoneka woopsa, koma ndi umene umatha bwino kwambiri: ambiri amachira pasanathe zaka ziwiri, nthawi zina ndi mankhwala opha ululu okha. Nthenda yobwera mwaphokoso imafulumira kuchoka, pomwe yolowa mozemba, monga lupus pernio, ndiyo imakonda kukhazikika.

Mapapo

Mwa odwala 10 alionse, oposa 9 amakhudzidwa m'mapapo kapena mwa anabere a m'chifuwa. Mapapo ali ngati siponji yofewa, yodzaza timatumba ta mpweya tomwe makoma ake ndi opyapyala kwambiri kuti mpweya wabwino uzitha kulowa m'magazi. Timibulu tikamera m'makoma amenewa ndi m'njira za mpweya, munthu amayamba kutsokomola, kubanika akagwira ntchito, kapena kumva kulemera pachifuwa. Ena samva chilichonse, nthendayo imangopezeka mwangozi atajambulidwa pa zifukwa zina.

Mu 1961 dokotala wa ku Britain, John Guyett Scadding, anagawa zithunzi za X-ray m'magulu, ndipo kagawidwe kochokera pa ntchito yake kakugwirabe ntchito. Gulu loyamba ndi la anabere otupa okha. Lachiwiri ndi la anabere pamodzi ndi mabanga m'mapapo. Lachitatu ndi la mabanga m'mapapo anabere ataphwa. Lachinayi ndi la mapapo amene achita zipsera. Apa odwala ambiri amachita mantha osayenera, chifukwa amamva manambalawa ndi khutu la khansa, poganiza kuti munthu amayambira pa 1 n'kumatsetsereka mpaka pa 4. Sizili choncho. Manambalawa amangofotokoza chithunzi cha tsikulo. Phindu lake ndi kulosera: ambiri a m'gulu loyamba amachira okha, a m'gulu lachitatu ndi ochepa amene amatero, ndipo zipsera za gulu lachinayi sizibwerera m'mbuyo.

Zipsera ndizo mdani weniweni. Siponji ija ikauma n'kukhala gwa, sifufumanso ngakhale munthu akoke mpweya ndi mphamvu zake zonse. Mitsempha ya magazi ya m'mapapo imathinana, mtima n'kumavutika kukankhiramo magazi, ndipo m'mabowo otsala mumatha kumera mafangasi otchedwa Aspergillus, omwe amachititsa munthu kutsokomola magazi. Ku Ulaya ndi ku America, ambiri mwa ochepa amene amamwalira ndi sarcoidosis amafa chifukwa cha zipsera zimenezi.

Ziwalo zimene zimadwala mwakachetechete

Mbali iyi ndi imene ine ndimaona kuti wodwala aliyense ayenera kuimvetsa kuposa zina zonse, chifukwa chifuwa chimadzinenera chokha, pomwe diso ndi mtima zimatha kuonongeka zili duu.

M'diso nthendayi imatupitsa kachigawo ka mkati kotchedwa uvea. Ena diso limafiira, kupweteka, ndi kulephera kupirira kuwala. Koma ena samva kanthu mpaka maso atayamba kuchita chidima, ng'ala itamera kapena glaucoma, nthenda yoononga mtsempha wa diso, italowa. N'chifukwa chake aliyense amene wapezeka ndi sarcoidosis amayenera kuonedwa ndi dokotala wa maso, ngakhale akuona bwinobwino.

Mtima uli ndi njira zake za magetsi zimene zimauza zipinda zake nthawi yogunda. Kambulu kakamera panjira imeneyi zimakhala ngati waya waduka mkati mwa khoma: kunja nyumba ili bwinobwino, koma magetsi akuthimathima. Mtima umagunda pang'onopang'ono kwambiri, kapena mothamanga mosokonekera, munthu n'kukomoka, ndipo nthawi zina kufa mwadzidzidzi. Odwala pafupifupi 5 mwa 100 alionse amakhala ndi zizindikiro za mtima, koma madokotala ounika matupi a anthu omwalira amapeza timibulu mumtima mwa ochuluka kuposa pamenepo. Ku Japan, mtima ndiwo umapha odwala sarcoidosis ambiri kuposa mapapo. Ku America nkhaniyi inamveka kwambiri mu December 2004, pamene Reggie White, katswiri wopuma wa American football, anamwalira ali ndi zaka 43, ndipo ounika thupi lake anati sarcoidosis ya mumtima ndi m'mapapo iyenera kuti ndiyo inasokoneza kagundidwe ka mtima wake. Wodwala sarcoidosis akamva mtima ukudumphadumpha, akachita chizungulire chosadziwika bwino kapena akakomoka, si nkhani yodikira tsiku limene anamulembera kuti adzabwerenso.

Ubongo ndi mitsempha zimakhudzidwa mwa odwala 5 mpaka 10 mwa 100 alionse. Chofala kwambiri ndi kufa kwa mtsempha wa kumaso, kukamwa n'kupotokera mbali imodzi, diso osatsinzinika. Ena amamva mutu wosatha, amagwa khunyu, kapena miyendo imachita dzanzi.

Kenako pali nkhani ya kashiamu, yomwe imadabwitsa anthu ambiri. Vitamini D amene thupi limapanga padzuwa kapena kutenga m'zakudya sagwira ntchito mpaka impso zitamusintha kukhala wamphamvu, ndipo impso zimadziwa polekezera. Ma macrophage a m'timibulu tija nawo amatha kumusintha, koma alibe polekezera, ali ngati mpopi wopanda chotsekera. Zotsatira zake, matumbo amayamwa kashiamu wambiri. Mwa wodwala pafupifupi mmodzi mwa 10 kashiamu amakwera m'magazi, munthu n'kumamva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, ndipo m'impso mumatha kupangika miyala. Choncho mapiritsi a vitamini D ndi kashiamu, omwe anthu ambiri amawaona ngati osavulaza, kwa wodwala sarcoidosis ndi oyamba wafunsa dokotala.

Chomaliza sichioneka pa makina alionse: kutopa. Odwala ambiri amati chimawasautsa kwambiri si chifuwa koma kulefuka kosatha ngakhale atagona usiku wonse, ndipo mwa ena kumapitirira X-ray itayera kale. Zimapweteka kwambiri pamene achibale ndi mabwana akuona munthu wooneka wathanzi n'kumamuyesa waulesi. Kutopako n'kwenikweni, ndipo madokotala a nthendayi amakuwerengera ngati chizindikiro chake chachikulu.

Kodi alonda aja akuzinga chiyani?

Maganizo amene akatswiri ambiri amagwirizana ndi akuti pamafunika zinthu ziwiri: munthu wobadwa ndi chitetezo cha m'thupi chofulumira kupanga timibulu, ndi chinthu china chakunja, mwina chopumidwa ndi mpweya, chimene chimachiputa. Zili ngati udzu wouma ndi kamoto: chimodzi pachokha sichiotcha tchire.

Umboni wa zobadwa nazo ndi wamphamvu. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa ACCESS, yemwe anaunika odwala oposa 700 kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anapeza kuti makolo ndi abale a bere limodzi a wodwala ali ndi mpata wodwala wochuluka pafupifupi kasanu poyerekeza ndi anthu ena. Izi sizikutanthauza kuti mwana wa wodwala adzadwala ndithu, chifukwa nthendayi ndi yosowa, ndipo kasanu ka chinthu chochepa kamakhalabe kochepa. Kusiyana kwa mitundu ya anthu nako kumaoneka. Nthendayi ndi yofala m'mayiko a Scandinavia, monga Sweden, ndi pakati pa anthu akuda a ku America. Kafukufuku wina wa ku Detroit wa mu 1997 anapeza kuti chaka chilichonse pafupifupi anthu akuda 35 mwa 100,000 amapezeka nayo, poyerekeza ndi azungu pafupifupi 11, ndipo mwa anthu akuda imakonda kukhudza ziwalo zambiri ndi kukhalitsa. Imagwira kwambiri achikulire a zaka zapakati pa 20 ndi 60, akazi mochulukirapo pang'ono kuposa amuna.

Pa kamoto kaja m'pamene pali kusagwirizana. Ena amaloza mabakiteriya a m'banja la TB, chifukwa tizidutswa ta mapuloteni awo tapezekapo m'timibulu ta odwala ena, ngakhale kachilombo kamoyo sikapezeka ndipo mankhwala a TB sachiza sarcoidosis. Ofufuza a ku Japan amaloza bakiteriya wa pakhungu wotchedwa Cutibacterium acnes, uja amayambitsa ziphuphu za achinyamata. Otsutsa amati bakiteriya ameneyu amapezeka pafupifupi mwa munthu aliyense. Enanso amaloza fumbi. Kafukufuku wa ACCESS anapeza mgwirizano ndi mankhwala ophera tizilombo ndiponso malo a chinyontho ndi nkhungu. Nsanja za World Trade Center zitagwa ku New York mu 2001, ozimitsa moto amene anapuma fumbi lake anayamba kupezeka ndi nthenda yonga sarcoidosis mochuluka kuposa zaka zam'mbuyo.

Mbiri imapereka chenjezo limodzi lofunika. Cha m'ma 1940, anthu ogwira ntchito pafakitale yopanga mababu a magetsi ku Salem, m'chigawo cha Massachusetts ku America, anadwala nthenda imene inkaoneka ngati sarcoidosis yeniyeni. Mu 1946 dokotala Harriet Hardy anasonyeza kuti gwero lake linali chitsulo chotchedwa beryllium chimene ankapuma kuntchito. Gwero litangodziwika, nthendayo inapatsidwa dzina lakelake n'kuchoka m'gulu la sarcoidosis. N'chifukwa chake dokotala wosamala amafunsa mwatsatanetsatane ntchito zonse zimene wodwala anagwirapo.

Kuyeza: mlandu wopanda mboni yoona ndi maso

Palibe choyeza chimodzi chimene chinganene kuti uyu ali ndi sarcoidosis, uyu alibe. Dokotala amagwira ntchito ngati woweruza mlandu wopanda mboni yoona ndi maso: amasonkhanitsa umboni wa m'mbali, n'kumamasula oganiziridwa ena mmodzimmodzi mpaka patatsala mmodzi. Pamafunika zinthu zitatu: zizindikiro ndi zithunzi zogwirizana ndi nthendayi, timibulu tosafa pakati topezeka m'kachidutswa ka mnofu, ndi kutsimikiza kuti palibe nthenda ina imene ikupanga timibuluto.

Kachidutswa ka mnofu amakatenga pamalo osavuta kufika, monga pachotupa cha pakhungu kapena mwanabere wa m'khosi. Pakasowa potero amalowetsa kachubu kokhala ndi kamera m'njira ya mpweya. Njira yamakono yotchedwa EBUS imakhala ndi sikani kunsonga kwa kachubuko, yomwe imatsogolera kasingano kulowa mwa mwanabere wa m'chifuwa popanda kung'amba munthu. Kale pankafunika opaleshoni. Odwala a mtundu wa Löfgren uja, zizindikiro zikakhala zoonekeratu, nthawi zambiri safunika kudulidwa mnofu.

Anthu ayesapo njira zachidule. Mu 1941 Ansgar Kveim wa ku Norway anapeza kuti akabaya pakhungu la munthu madzi opangidwa kuchokera ku mnofu wa wodwala sarcoidosis wina, pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi pamamera timibulu ngati munthuyo ali ndi nthendayi. Louis Siltzbach wa ku New York anaikonza bwino njirayi, koma inasiyidwa pafupifupi kulikonse chifukwa cha kuvuta kwa kupanga madzi odalirika komanso mantha opatsirana matenda ena. Mu 1975 Jack Lieberman anapeza kuti chinthu china cha m'magazi chotchedwa ACE chimakwera mwa odwala ambiri. Chimayezedwabe, koma mwa odwala ena sichikwera, ndipo chimakweranso pa matenda ena, choncho pachokha sichingagamule mlandu.

Woganiziridwa wovuta kumumasula ndi TB. Matenda awiriwa amafanana pa chifuwa, kuonda, thukuta la usiku, X-ray, ngakhale pa maikulosikopu. M'mayiko amene TB ndi yofala, munthu amene makhololo ake ndi makina oyezera TB a GeneXpert sizinaonetse kanthu amatha kuyambitsidwabe mankhwala a TB, ndipo dokotala wotero sanalakwe kuganiza choncho, chifukwa TB yosachizidwa imapha ndiponso imafalikira. Koma munthu akamwa mankhwalawo mokhulupirika osasintha, kapena akabwerezedwa kachiwiri popanda umboni wa kachilombo, ndi nthawi yofunsa ngati pali china. Kulakwitsa kwa mbali inayo n'koopsa kwambiri: kupatsa munthu wa TB mankhwala a sarcoidosis, omwe amafooketsa chitetezo cha m'thupi, kuli ngati kutsegulira mbala ija chipata. Khansa ya anabere yotchedwa lymphoma ndi matenda a mafangasi nazo ziyenera kumasulidwa kaye. Ndipo mwa anthu ena amene ali ndi HIV, sarcoidosis imatulukira pamene ma ARV ayamba kudzutsa chitetezo cha m'thupi.

Dzina likapezeka, ntchito sinathe. Pamafunika kuona kuti nthendayi yafika pati: kuuzira m'makina oyeza mphamvu ya mapapo, kuyeza kashiamu, impso ndi chiwindi, kuunika maso, ndi ECG yoyeza kagundidwe ka mtima. Pakakhala chokayikitsa mumtima amawonjezera kujambula ndi makina a MRI kapena PET.

Kuchiza, ndi chifukwa chake nthawi zina dokotala amadikira

Popeza gwero silidziwika, palibe mankhwala opha gwerolo. Onse amene alipo amangotontholetsa alonda aja. Zili ngati kuthira madzi pamoto wa m'nyumba: moto umazima, koma madziwo amaononganso katundu, choncho munthu sathira migolo yambiri pa kamoto kamene kakuzima kokha. Odwala pafupifupi theka safunikira mankhwala amphamvu n'komwe, amangofunika kuonedwa pakapita miyezi ingapo. Madokotala amapereka mankhwala pa zifukwa ziwiri: chiwalo chikakhala pangozi, monga mtima, ubongo, maso, impso kapena mapapo amene akunka nafooka, kapena zizindikiro zikamulanda munthu mtendere wa tsiku ndi tsiku.

Mankhwala oyambirira ndi ma steroid, omwe anayamba kugwiritsidwa ntchito pa nthendayi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Lero ndi prednisone, kawirikawiri kuyambira pa mamiligalamu 20 mpaka 40 patsiku, n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri. Amagwira ntchito msanga, koma mtengo wake pathupi ndi waukulu akamwedwa nthawi yaitali: kunenepa, nkhope kutupa, shuga, kuthamanga kwa magazi, mafupa kufooka, ng'ala, kusowa tulo, ndi kugwidwa matenda mosavuta. Sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litaleka kupanga mlingo wokwanira wa steroid yake yachibadwa, ndipo kuwadula kamodzin'kamodzi kungathe kupha munthu. Vuto lina n'lakuti mwa anthu ambiri nthendayi imabwerera mankhwala akachepetsedwa.

Pofuna kupewa ma steroid ochuluka, madokotala amawonjezera methotrexate, azathioprine, leflunomide kapena mycophenolate. Methotrexate amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, ndipo kusokoneza zimenezi kwaphapo anthu. Sayenera kumwedwa ndi mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati, ndipo pamafunika kuyeza magazi ndi chiwindi kawirikawiri. Hydroxychloroquine, wa m'banja la mankhwala akale a malungo, amathandiza pakhungu ndi pa kashiamu wokwera. Zonsezi zikalephera pali infliximab wa m'diripi ndi adalimumab wa jakisoni, omwe amatsekereza TNF, uthenga umene maselo amatumizirana kuti kambulu kasamasuke. Koma uthenga womwewo ndi umene umasunga TB yogona m'ndende yake, choncho munthu amayezedwa kaye TB asanawayambe. Kwa ena amene mtima wakhudzidwa pamaikidwa kachipangizo kowongolera kagundidwe kake, ndipo mapapo akaonongekeratu, m'mayiko amene n'zotheka amamuika munthu mapapo ena.

Pano akatswiri agawanika. Ena amati kuyamba msanga ndi ma steroid kumateteza mapapo ku zipsera. Ena amati umboni womwe ulipo umangoonetsa kusintha kwa miyezi yochepa, pomwe zovuta za mankhwalawo n'zotsimikizika. Mu 2025 kafukufuku wa ku Netherlands wotchedwa PREDMETH anapeza kuti pakatha masabata 24, odwala mapapo amene anayamba ndi methotrexate anali atapeza bwino mofanana ndi amene anayamba ndi prednisone. Prednisone anathandiza mofulumira, ndipo mankhwala aliwonse anali ndi zovuta zakezake. Mbali zonse ziwiri zikupeza pogwira m'zotsatirazi.

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi lomwe lija la Boeck ndi Schaumann: n'chiyani chili pakati pa kambuluko? Ndipo kodi sarcoidosis ndi nthenda imodzi, kapena ndi dzina limene tikuphimbira matenda angapo omwe magwero ake adzatulukira limodzilimodzi, monga zinachitikira ndi beryllium? Mtundu wa Löfgren, womwe uli ndi zizindikiro zake, chibadwa chake ndi mathero ake, ena amati uli kale panjira yodzipatula.

Palibenso choyeza chimene chingauze munthu tsiku loyamba ngati ali m'gulu la ochira okha kapena la odzachita zipsera, ndipo popanda chimenecho ena amamwa mankhwala amene sanali ofunikira kwa iwo, ena amawalandira mochedwa. Sizinagamulidwe kuti mankhwala amwedwe kwa nthawi yaitali bwanji, kapena ngati wodwala aliyense ayenera kujambulidwa mtima ndi MRI ngakhale ECG ili bwino. Chimene chimayambitsa kutopa kuja, ndi mankhwala ake, zikufufuzidwabe. Kusiyana kwa anthu akuda ndi azungu ku America nako sikunamasuliridwe mokwanira: mbali yake ndi chibadwa, koma mbali ina ingakhale ntchito zimene anthu amagwira, malo amene amakhala, ndi kuchedwa kufika kwa dokotala woyenera. Ndipo m'madera onse a dziko lapansi kumene TB ndi yofala koma zipangizo zodulira ndi kuunika mnofu n'zosowa, ndi angati mwa anthu olembedwa m'kaundula wa TB popanda kachilombo kupezeka amene kwenikweni ali ndi sarcoidosis?